Makina onyenya nthambi ndi mfuti zakale: zimene odula mitengo ku Britain amakambirana pa tiyi

Nthawi ikamakwana 10 koloko m'mawa, m'timisewu ta m'matauni a ku England mumagwa bata mwadzidzidzi. Macheka a injini amene akhala akulira pamwamba pa mtengo chiyambire m'mawa amazimitsidwa. Chimakina chonyenya nthambi chimene chimabangula m'mphepete mwa msewu chimatsitsa mawu pang'onopang'ono mpaka kuti zii. Mnyamata amene anali lende pa chingwe amatsika, n'kuvula chipewa cholimba ndi zotseka m'makutu, utuchi uli mbuu m'ndevu ndi m'khosi. Iye ndi anzake awiri amakhala pa chipika chimene angogwetsa kumene, fulasiki ya tiyi n'kuyamba kuyenda.

Anthu amenewa kumeneko amawatchula kuti madokotala a mitengo. Ntchito yawo ndi kusadza, kudulira ndi kugwetsa mitengo imene ili pakati pa nyumba za anthu, m'misewu, m'masukulu ndi m'manda, malo amene sungangotema mtengo patsinde n'kuusiya kuti ugwe pomwe wafuna. Akakhala pansi chonchi, kapena akakumana ku chionetsero cha zipangizo za ntchito yawo, macheza sachedwa kufika pa makina. Mmodzi akangofunsa ngati kuli koyenera kugula makina onyenya nthambi okhala pa chimbale chozungulira, mtsutso wayamba. Ukamati ukuzirala, wina amaulula kuti Loweruka lapitali, akusesa kudenga kwa makolo ake, wapeza mfuti ya mpweya imene ankasewera nayo ali mwana, ndipo aliyense amatchera khutu.

Munthu wongodutsa angaganize kuti ndi nkhambakamwa za amuna okonda zitsulo. Koma m'macheza amenewa ndi mmene muli sukulu yeniyeni ya ntchitoyi. Makina ndi mfuti zonse ziwiri zili ndi kamwa, ndipo funso limene limasunga moyo wa munthu ndi limodzi: kamwalo laloza kuti, ndipo kumeneko kuli ndani?

Ntchito imene inabwera ndi mphepo ndi matenda

Ntchito ya odula mitengo ku Britain inakula chifukwa cha masoka. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, matenda a Dutch elm anapha mitengo ya elm yoposa 25 miliyoni, ndipo yambiri inafunika kugwetsedwa isanagwere anthu. Kenako usiku wa pa 15 Okutobala 1987 chimphepo chinawomba kumwera kwa England n'kugwetsa mitengo pafupifupi 15 miliyoni pofika m'mawa. Misewu inatsekeka, njanji zinatsekeka, ndipo aliyense amene anali ndi macheka a injini anapeza ganyu. Akuluakulu ambiri a ntchitoyi amene tsopano akuyandikira kupuma anayambira pamenepo.

Lero mliri ndi wa mitengo ya ash. Matenda ake, amene amabwera ndi tinjere ta bowa touluka ndi mphepo, anadziwika koyamba m'dzikomo mu 2012, ndipo bungwe la Woodland Trust likuti angaphe mitengo 80 pa 100 iliyonse ya mtunduwu. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anawerengera kuti mliriwu udzadyera dzikolo ndalama zokwana mapaundi 15 biliyoni, ndipo gawo lina la ndalamazo ndi logwetsera mitengo yodwala m'mphepete mwa misewu ndi njanji. Mtengo wa ash ukadwala umafumbwa m'kati, nthambi zake zimathyoka popanda chenjezo, mwakuti okwera ambiri amakana kuukwera ndi chingwe. Amayitanitsa makina onyamula munthu m'mwamba.

Mtengo uliwonse ukagwa umasiya phiri la nthambi ndi masamba. Kale ankangoziunjika n'kuyatsa moto pomwepo. Masiku ano malamulo a utsi ndi zinyalala, kuphatikizapo madandaulo a anthu oyandikana nawo, anatseka njira imeneyo m'matauni. N'chifukwa chake gulu lililonse la odula mitengo limayenda likukoka makina amene iwo amawatchula kuti chipper. Nthambi zimene zikanadzaza lole kangapo zimasanduka tizibenthu tokwana ulendo umodzi. Tizibenthuto amatiyala m'minda ya maluwa kuti chinyezi chisathawe, amatithira m'tinjira ta m'mapaki, ndipo tambiri timagulitsidwa kwa opanga magetsi ndi otenthetsa nyumba.

M'mimba mwa chimakina

Kuti munthu amvetse mtsutso wa odula mitengowa, ayenera kuona kaye mmene makinawa amadyera. Kumbuyo kwake kuli kamwa lalikulu lachitsulo lopapatiza kulowa m'kati. Kumapeto kwa kamwalo kuli zogudubuza ziwiri za mano, china pamwamba china pansi, zoyendetsedwa ndi mphamvu ya oyilo. Wantchito amalowetsa nthambi poyambira kutsinde kwake, manowo amaigwira n'kuikoka okha. Kuseri kwa zogudubuzazo kuli chigudumu cholemera chimene chimazungulira mothamanga kwambiri chitanyamula mipeni iwiri. Mpeni uliwonse ukamadutsa pafupi ndi chitsulo chosasuntha umabenthula kachidutswa ka nthambi, ndipo mphepo ya chigudumucho imaponya tizidutswato m'chipaipi chokhota chimene chimalavulira m'galimoto.

Ukaima pafupi umaona nthambi yonenepa ngati ntchafu ya munthu ikunjenjemera, masamba ake akukwapula uku ndi uku, n'kuzimiririka m'masekondi ochepa. Injini ikalemedwa, kachipangizo kena kamaimitsa zogudubuza kuti chigudumu chipezenso liwiro, kenako kudya kumapitirira. Kamvekedwe kameneka, kubangula, kupuma, kubangulanso, wantchito wozolowera amakamva ndi thupi lonse. Kakasintha amadziwa kuti mipeni yabuntha asanatsegule n'komwe. Tizibenthu timayamba kutuluka tonyankhalala, injini imamwa mafuta ambiri, ndipo makina onse amagwedezeka. Dothi, timiyala, misomali ndi waya zimene mtengo unameza ukukula ndi adani a mpeni, ndipo opanga ena amalangiza kunola pakatha maola pafupifupi 25 a ntchito.

Makinawa sasiyanitsa nthambi ndi dzanja. M'mphepete mwa kamwa muli chitsulo chofiira chimene chikangokankhidwa, ngakhale ndi ntchafu, zogudubuza zimaima. Komabe akuluakulu a ntchitoyi amaphunzitsa wachinyamata aliyense kuti asadalire chitsulocho. Aime chammbali, asavale magolovesi a pakamwa potakasuka amene kanthambi kangakole, tinthambi tatifupi atikankhe ndi ndodo, ndipo koposa zonse ayang'anire chingwe cha mnzake amene ali m'mwamba. Chingwe chikakoledwa ndi nthambi n'kulowa m'makina, chimakokedwa mwa liwiro limene munthu sangathe kuthawa, ndipo anthu afapo motero. Sitifiketi ya ntchitoyi imaperekedwa ndi mabungwe monga City & Guilds ndi Lantra, koma mantha oyenera amabwera pomva nkhani kuchokera kwa amene anaona ndi maso.

Mtsutso wa chimbale chozungulira

Makina wamba amakhala owongoka kumbuyo kwa galimoto, kamwa litaloza kumene galimoto yachokera. Pa bwalo lalikulu palibe vuto. Koma nyumba zambiri za ku Britain zinamangidwa mothithikana, misewu yake ndi yopapatiza, ndipo mbali zonse ziwiri pamakhala pataimikidwa magalimoto. Gulu likaimika galimoto m'mphepete mwa msewu, wodyetsa makina amaima kumbuyo atafulatira magalimoto amene akubwera, m'makutu mwake mutatsekedwa. Nthambi yaitali imene waikoka kuchokera kuseri kwa nyumba iyenera kukhotetsedwa pa geti kuti ilunjike kamwa, ndipo pokhotapo nsonga yake imasesa msewu kapena kukanda galimoto ya mwini wake.

Apa ndi pamene pamabwera makina okhala pa chimbale chozungulira, chimene iwo amati turntable. Ngolo imakhala pomwe yaimikidwa, yomangidwa ku galimoto, koma wantchito amasolola chitsulo chokhomera n'kutembenuza makina onse kuti kamwa liloze ku geti kapena ku kanjira ka oyenda pansi. Nthambi imachoka m'munda n'kulowa molunjika, munthu osaponda msewu. Makampani a ku Germany monga Schliesing ndi Jensen amadziwika ndi makina oterewa, ndipo Jensen, imene inayamba mu 1884 m'mudzi wa Maasbüll, imatchulidwa kuti ndi kumene makina onyenya nthambi anabadwira. GreenMech ya ku Warwickshire nayonso imapanga ozungulira. Amene amagwira ntchito za khonsolo m'misewu ya magalimoto ambiri amanena kuti akalawa chimbalechi safunanso kubwerera.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo yaikulu ndi kulemera. Kwa zaka zambiri nambala imene inkalamulira msika wonse inali makilogalamu 750. Aliyense amene anapeza laisensi yoyendetsa galimoto kuyambira pa 1 Januwale 1997 ankafunika mayeso ena apadera kuti akoke ngolo yolemera kuposa pamenepo kumbuyo kwa galimoto yaikulu. Popeza antchito ambiri ndi achinyamata, mabwana ankafuna makina amene aliyense pagulu angakoke. Makampani monga Timberwolf ya ku Suffolk ndi Först ya ku Hampshire anapikisana kupanga makina odya nthambi ya mainchesi 6 koma osapitirira malirewo, akumeta kilogalamu iliyonse yosafunika. Chimbale chozungulira ndi chitsulo chowonjezera, ndipo chimakweza mtengo wogulira. Lamulo la laisensi lija linafewetsedwa mu Disembala 2021, koma makina opepuka akadali ndi ubwino wake: anthu awiri amatha kuwamasula n'kuwakankha ndi manja kulowa pa mpata wopapatiza, chinthu chimene sichitheka ndi makina olemera.

Palinso ena amene amati chilichonse chozungulira chimadzagwedera tsiku lina, ndipo munthu wotopa madzulo angayiwale kubwezera chokhomera asananyamuke. Ena amakonda makina oyenda okha pa malamba a labala, amene amalowa pa geti n'kukaima patsinde pa mtengo kuti pasakhale kukoka nthambi konse. Ndiye pali nkhani ya mipeni. GreenMech imagwiritsa ntchito mipeni yobulungira, imene gawo limodzi mwa atatu lokha ndilo limadula pa nthawi imodzi. Ikabuntha umaimasula, n'kuitembenuza pang'ono, mbali yakuthwa n'kubwera kutsogolo. Oikonda amati imapirira timiyala, oikana amati mpeni wowongoka umatulutsa tizibenthu toyera bwino.

Mtsutsowu sutha chifukwa aliyense akulankhula za msewu wake. Wa ku London amalimbana ndi mabasi, wa kumapiri a ku Wales amalimbana ndi matope. Phindu lake lili kwa wachinyamata amene wakhala phee kumapeto kwa chipika. Makina amenewa amadya ndalama zimene munthu woyamba bizinesi amabweza kwa zaka, ndipo safunsa anadya phula. Pomvetsera akuluakulu akukangana, iye amaphunzira kuyang'ana malo asanaimike galimoto: magalimoto akuchokera kuti, ana asukulu adutsa mbali iti, chipaipi chilavulira kuti.

Mfuti imene inagona kudenga

Nkhani ya mfuti imalowa mofatsa, ndipo nkhope zimasintha. Kwa mnyamata wokulira ku Britain m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mfuti ya mpweya inali chimene legeni ili kwa mnyamata wa kwathu kuno. Ankasunga ndalama za ganyu yogawa nyuzipepala, kapena kudikira Khirisimasi, kuti apeze BSA Meteor, mfuti yopepuka imene kampani ya Birmingham Small Arms inatulutsa mu 1959. Kampaniyi, imene inayamba mu 1861 ndipo inatchukanso ndi njinga zakapalasa ndi zamoto, inali itayamba kupanga mfuti za mpweya mu 1905. Amene makolo awo anali ndi kangachepe ankanyadira BSA Airsporter ya mu 1948 kapena Webley Vulcan. Loto la onse linali Weihrauch ya ku Germany, makamaka HW35 ndi HW80, zolemera ndi zolimba mwakuti zambiri zikugwirabe ntchito lero.

Mfutizi zilibe onga. Pa zambiri mwa izo umathyola mpope wake pakati n'kuukokera pansi, ndipo kukokako kumapanikiza sipuling'i yaikulu imene ili m'kati. Umaika kachipolopolo kamtovu, kakang'ono kuposa njere ya chimanga, n'kutseka. Ukakhethemula, sipuling'i imakankha pisitoni, pisitoni imafinya mpweya, mpweyawo n'kuponya kachipolopolo. Palibe batire, palibe botolo la gasi. N'chifukwa chake mfuti imene yagona zaka 30 itakulungidwa m'bulangete kudenga imatha kudzuka.

Amene waipeza amafotokoza zonse mwatsatanetsatane, anzake akumvetsera ngati ana. Dzimbiri lochepa pa mpope, lochoka ndi oyilo ndi kansalu. Thabwa lake lili ndi chipsera pomwe linagunda mpanda kalekale. Pothyola, fungo la girisi wakale limamubwezera kuseri kwa nyumba ya bambo ake, kumene ankandanditsa zitini pa khoma. Mfuti zambiri za nthawiyo zinali ndi kachikopa kumutu kwa pisitoni, ndipo kachikopako kakauma mpweya umathawa, kachipolopolo n'kumangogwa chapafupi. Anthu amene tsiku lililonse amanola tcheni cha macheka ndi kusintha mipeni sachita mantha kumasula. Amagula sipuling'i yatsopano ndi kachikopa kapena kapulasitiki kolowa m'malo, madzulo amodzi mfuti yachira.

Chimene chimawakoka si kukumbukira ubwana kokha. Makina awo atsopano ali ndi makompyuta ndi zipangizo zochepetsa utsi zimene zikavuta zimafuna katswiri wa kukampani, ndipo ntchito imaima kudikira iye. Mfuti yakale ndi chida chimene munthu amachimvetsa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Wina akaitenga m'manja, wamkulu pagulupo amayamba pomwepo kukumbutsa zimene anauzidwa ali mwana: gwira mpope mwamphamvu pamene ukuika chipolopolo kuti usabwerere n'kukuphwanya chala, usawombe yopanda kanthu chifukwa pisitoni imadzimenya, usathire oyilo wamba m'chipinda cha mpweya chifukwa amayaka, ndipo usalozetse munthu ngakhale utalumbira kuti mulibe kanthu.

Gologolo wa ku America

Pali chifukwa china chimene mfuti za mpweya zimakhudzira odula mitengo kuposa amisiri ena. Mu 1876 agologolo otuwa ochokera ku North America anamasulidwa ku Henbury Park m'chigawo cha Cheshire ngati zokongoletsa munda wa munthu wolemera, ndipo ena anatsatira m'malo osiyanasiyana. Lero alipo oposa 2 miliyoni. Agologolo ofiira, amene ndi eni dziko, atsala osafika 300,000, ambiri mwa iwo ku Scotland ndi pa zilumba monga Anglesey ndi Isle of Wight. Otuwawo amawalanda chakudya, komanso amanyamula kachilombo ka nthomba kamene iwo sikawadwalitsa koma kamapha ofiira.

Kwa wokwera mitengo nkhaniyi ndi ya moyo wake. M'miyezi yotentha gologolo wotuwa amasenda khungwa la mitengo ya beech, sycamore ndi oak kuti anyambite madzi otsekemera a pansi pake. Akasenda kuzungulira thunthu, kumtunda konse kumauma. Akasenda pamwamba pa nthambi, bala limawola mobisika, losaoneka kwa munthu woima pansi. Wokwera amene waponya chingwe chake pa nthambi yotere amadzazindikira ali kale m'malere. Lipoti la bungwe la Royal Forestry Society la mu 2021 linati agologolowa amawonongetsa ndalama zosachepera mapaundi 37 miliyoni pa chaka m'nkhalango za ku England ndi Wales.

Choncho eni nkhalango ambiri amalola anthu odziwa kuwomba kuti achepetse agologolo otuwa, ndipo mfuti ya mpweya imakondedwa chifukwa ilibe phokoso ndipo siponya kutali. Amakhoma kabokosi ka chakudya pa thunthu, kuseri kwake kukhale chotchinga cholandira chipolopolo, n'kudikira chapafupi kuti nyamayo ife nthawi yomweyo osazunzika. Lamulo limaletsa kumasula gologolo wotuwa amene wagwidwa mu msampha. Si onse amene amagwirizana ndi kupha, ndipo njira zina zikuyesedwa. Asayansi a boma akufufuza mankhwala olera oika m'chakudya, ndipo kanyama kolusa kotchedwa pine marten, kamene kanabwezeretsedwa ku Forest of Dean mu 2019, kaonetsa ku Ireland ndi ku Scotland kuti kumene kachuluka agologolo otuwa amachepa.

Chidole chimene si chidole

Chisangalalo chopeza mfuti yakale chili ndi msampha wake, ndipo pagulu lililonse pamafunika munthu woutchula. Dziko limene mfutiyo inagonamo si limene yadzukamo. Ku England ndi Wales munthu safunika chiphaso ngati mphamvu ya mfuti ya mpweya sipitirira 12 foot-pounds. Ikapitirira, lamulo limaiwerenga ngati mfuti yofuna chiphaso cha apolisi, ndipo kukhala nayo popanda chiphasocho ndi mlandu wopita nawo kundende. Munthu amene waika sipuling'i yatsopano yamphamvu angadutse malirewo osadziwa, n'chifukwa chake odziwa amalangiza kupita nayo kwa wogulitsa mfuti kuti akayeze liwiro la chipolopolo.

Ku Scotland zinthu zinasinthiratu. Mu 2005 mwana wa zaka ziwiri anaphedwa ndi chipolopolo cha mfuti ya mpweya mumzinda wa Glasgow, ndipo makolo ake analimbikira kwa zaka zambiri kuti lamulo lisinthe. Nyumba ya malamulo ya ku Scotland inavomereza lamulo latsopano mu 2015, ndipo kuyambira pa 31 Disembala 2016 aliyense wokhala ndi mfuti ya mpweya kumeneko amafunika chiphaso, ngakhale itakhala ya malemu agogo ake yogona m'kabati. Ku Northern Ireland nakonso chiphaso n'chofunika. Kulikonse m'dzikomo, wosakwana zaka 18 saloledwa kugula, mwini mfuti ayenera kuisunga pomwe ana sangaifike, ndipo chipolopolo chikadumpha mpanda n'kugwera kwa mnansi, wowombayo walakwa. Mbalame za kutchire ndi zisa zake n'zotetezedwa ndi lamulo la mu 1981, lomwelo limene limachititsa odula mitengo kusiya mtengo akapezamo chisa cha mazira.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo anthu a ntchito imeneyi amadziwa zimenezi kuposa ambiri a ife. Ngozi zawo kawirikawiri sizigwera mlendo wamantha pa tsiku loyamba. Zimagwera munthu wozolowera, Lachisanu madzulo, pa nthambi yotsiriza, pamene dzanja layamba kuchita zinthu mutu uli kwina. Mfuti ya ubwana ili ndi ngozi yomweyo, chifukwa mwini wake amaiona ngati bwenzi lakale. Chimene chimathyola chizolowezi choterechi ndi mawu a mnzako, obwerezedwa mpaka kukwiyitsa.

N'chifukwa chake ndimaona kuti bwana amene amadula nthawi ya tiyi kuti gulu limalize msanga amataya chinthu chodula kuposa mphindi 15 zimene wapulumutsa. Mitengo ya ash mamiliyoni ikudikira kugwetsedwa m'zaka zikubwerazi, ndipo ambiri amene adzaigwetse ndi achinyamata amene angolowa kumene ntchito. Sitifiketi adzakhala nayo, makina abwino adzakhala nawo. Chimene akufunika kuwonjezera ndi wamkulu woti akhale naye pansi tsiku ndi tsiku, amve mmene amaganizira asanalize injini, ndipo tsiku lina iwonso adzathe kuuza wobwera pambuyo pawo.